Galimoto yakale ikamanunkha petulo: kupeza podontha ndi kukonza mapaipi a mafuta

Ambiri a ife amene timayendetsa galimoto zokalamba kuno ku Harare tinazolowera kuti fungo la petulo likamveka, timangotsitsa galasi n'kumapitirira ulendo. Kaya ndi Mazda 323, Nissan Sunny, Corolla ya m'ma 1990, kapena ka Honda Fit kamene katha misewu ya ku Mabvuku ndi ku Tafara, timati ndi ukalamba basi. Koma galimoto yabwinobwino, ngakhale itakwanitsa zaka 30, sinunkha petulo. Ikanunkha ndiye kuti penapake patseguka, ndipo pamalo otsegukawo sipatalikirana ndi ekizozi yotentha kapena waya wothetheka.

Pali chifukwa chimene vutoli lachulukira kuno. Kuyambira mu 2013 boma linalamula kuti petulo azisakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, makamaka za ku Chisumbanje ndi ku Triangle. Anayamba ndi magawo 5 pa 100 alionse, kenako n'kumakweza mpaka kufika pa 20, ndipo mlingowo umakwera ndi kutsika malinga ndi mmene nzimbe zikupezekera. Kumudzi ku Malawi nakonso si zachilendo, popeza ku Dwangwa anayamba kupanga ethanol wosakaniza ndi petulo mu 1982. Vuto ndi lakuti labala wa mapaipi akale sanapangidwire bulendi wotere. Amafufuma, kenako amauma n'kuyamba ming'alu. Ethanol amakokanso chinyezi, ndipo madziwo amadyetsa dzimbiri thanki ndi mapaipi achitsulo kuchokera m'kati. Onjezanipo dzuwa la mu Okutobala ndi maenje a m'misewu yathu.

Konzani malo musanagwire sipanala

Itulutseni galimotoyo panja, pamalo opita mphepo. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, choncho siuluka m'mwamba koma imayenda pansi n'kukaunjikana m'maenje ndi m'ngalande. Mbaula ya mayi akuphika kuseri kwa nyumba ikhoza kuyatsa nthunzi imene yayenda mamita angapo. Auzeni azimitse kapena musunthe galimoto. Amene amasuta fodya apite kutali, ndipo ana muwachotse.

Magetsi akathima, musayerekeze kuunikira ndi kandulo, machesi kapena nyali ya parafini. Tochi ya LED ndiyo yoyenera. Babu lakale lija lokhala pa waya wautali ndi loopsanso, chifukwa likagwa n'kusweka limathetheka.

Chozimitsira moto cha ufa chimene timayenda nacho poopa apolisi a pamsewu, lero chitulutseni m'buti muchiike pamene dzanja lingafike. Yang'anani ngati kamuvi kake kali pobiriwira. Ikaninso ndowa ya mchenga pambali. Madzi sazimitsa moto wa petulo, amangoumwaza. Injini ikhale itazizira. Ngati mulowa kunsi, jeke yokha siyokwanira, ndipo njerwa zimaphwanyika mosachenjeza. Gwiritsani masitandi achitsulo kapena matabwa ochindikala, ndipo mutchinge matayala. Valani magalasi oteteza maso.

Dziwani mtundu wa galimoto yanu

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa mapaipi amaoneka ofanana pamene mphamvu ya mafuta oyenda m'katimo ndi yosiyana kutali.

Galimoto ya kabureta, monga Datsun 120Y, Peugeot 404 kapena Mazda 323 zambiri zakale, imakankha mafuta pang'onopang'ono, osafika ngakhale theka la bar imodzi (bar ndi muyezo wa pulesha). Ikadontha imadontha ngati misozi. Ya mainjekita (tizipangizo topopera petulo mu injini), monga Corolla zambiri zochokera ku Japan, Vitz, March ndi Fit, ili ndi pampu yamagetsi imene imakankha pafupifupi ma bar 3. Kabowo kochepa ngati ka singano kamapopera petulo ngati utsi, ndipo puleshayo imatsalira m'paipi ngakhale mwazimitsa injini.

Pali zina zimene ndikukulangizani kuti musazigwire nokha. Injini zolembedwa GDI za Mitsubishi kapena D-4 za Toyota zili ndi pampu yachiwiri pa injini imene imakweza pulesha kufika ma bar makumimakumi. Za dizilo za common rail zimapitirira ma bar 1,000, moti mafutawo amaboola khungu. Pa zimenezi mukhoza kukonza kuyambira ku thanki mpaka pa pampu ya pa injini. Mapaipi achitsulo a kutsogolo kwa pampuyo asiyireni makaniko wodziwa.

Funsani kuti fungo limabwera liti

Musanalowe kunsi, ganizirani nthawi imene fungo limamveka, chifukwa yankho lake limakudulirani ntchito.

Likamamveka mukangodzadza thanki, kenako n'kutha mafuta akatsika, vuto lili pamwamba pa thanki: paipi yaikulu ya labala yochokera pothirira, kapaipi kopumira, labala wa chivindikiro, kapena gasiketi ya pamene pampu imalowera. Ife amene timathira a madola ochepa tsiku ndi tsiku timatha chaka osadziwa kuti pamwamba pa thanki pang'ambika, mpaka tsiku la ulendo wa ku Nyamapanda pamene tadzadza.

Likamamveka m'mawa poliza injini n'kuzimiririka ikatentha, kayikirani labala wouma, ma O-ring (timphete ta labala) a mainjekita kapena kilampu yomasuka. Kukazizira, monga mu Juni ndi Julayi, labala wokalamba amafota, ndipo akatenthedwa amafufuma n'kutseka yekha. Likamamveka nthawi yonse imene injini ikulira, ndi paipi yopita ku injini kapena yobweza mafuta ku thanki. Likamamveka galimoto itangoima usiku wonse, ndipo pansi pali banga, ndi thanki yeniyeniyo kapena paipi yotsika kuposa mafuta a m'thanki.

Pezani pamene payambira

Yalani katoni youma kunsi kwa galimoto. Petulo amauma msanga osasiya mafuta ambiri, dizilo amasiya banga lonona losauma, madzi a rediyeta amakhala ndi mtundu, ndipo mafuta a mabuleki amaterera m'zala. Nunkhizani katoniyo kuti musathamangitse vuto lolakwika.

Koma pamene dontho lagwera si pamene pabooka. Zili ngati denga la udzu: madzi amalowera pamwamba, n'kutsata phaso, n'kukagwera pakona ina. Petulo nayenso amatsata paipi, waya kapena chitsulo cha galimoto mpaka pamalo otsikitsitsa. Chimene mukufuna ndi malo okwera kwambiri amene anyowa.

Yambani ndi maso, injini ili chozima. Tsatani paipi kuchokera ku thanki, kunsi kwa galimoto, pa fyuluta, mpaka pa kabureta kapena pa chitsulo chodyetsa mainjekita. Fumbi la ku Harare limatithandiza pano. Pamene pakuchucha pang'onopang'ono fumbi limamatirira n'kuda, ndipo pamene pakupopera kwambiri pamakhala poyera modabwitsa pakati pa litsiro, chifukwa petulo amatsuka. Malo onse awiriwa akayikireni.

Paipi iliyonse ya labala ipindeni pang'ono ndi zala mukuunikira. Yabwino imapindika n'kubwerera. Yoonongeka imaonetsa ming'alu, kapena ndi youma gwa, kapena yafewa n'kumamata, kapenanso yatupa pafupi ndi kilampu. Onetsetsani kumapeto, pamene kilampu yaluma, chifukwa ming'alu imayambira pamenepo. Mapaipi okutidwa ndi ulusi kunja amanamiza kwambiri: ulusiwo umabisa ming'alu, ndipo mumangoona kuti wanyowa.

Pampu ya galimoto zambiri zazing'ono imafikirika mukanyamula mpando wakumbuyo n'kumasula kachivindikiro. Fit ndi yosiyana, thanki yake ili kunsi kwa mipando yakutsogolo, choncho fungo lake limamveka msanga kwa woyendetsa. Tsegulani muone ngati pamwamba pa pampu pali chithaphwi.

Ngati maso sanapeze, pukutani malo onse okayikitsa mpaka aume, ndipo muwaze choko chopera kapena paudala wa ana pa mfundo iliyonse. Kenako patsani mapaipi pulesha injini isanalire. Pa galimoto zambiri, mukatembenuza kiyi kufika pa ON pampu imalira masekondi awiri kapena atatu. Chitani zimenezi kangapo. Toyota zina zakale sizitero. Pa zimenezo, mu boneti muli kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS, ndipo mukalumikiza FP ndi +B ndi kawaya, n'kutembenuza kiyi pa ON, pampu imalira mosalekeza. Lowetsani kawayako kiyi asanatembenuzidwe kuti pasathetheke, ndipo werengani bwino zilembo za pachivindikiro musanalowetse. Pa ya kabureta yokhala ndi pampu ya pa injini, palibe kuchitira mwina koma kuiliza pang'ono.

Choko chidzada pamene payambira. Wina akhale pa kiyi, inu mukuyang'ana. Mukaona petulo akupopera, fuulani azimitse pompo. Musafufuze ndi chala, gwiritsani kapepala.

Tsitsani pulesha musanamasule kanthu

Pa galimoto ya mainjekita, zulani fyuzi kapena rileyi ya pampu, kapena zulani pulagi ya pampu kunsi kwa mpando. Njira ya pulagiyi ndi imene ndimaikonda, chifukwa pa galimoto zina fyuzi ya pampu imadyetsanso kompyuta ya injini, ndiye mukaizula injini siilira n'komwe ndipo pulesha imangokhala momwemo. Lizani injini mpaka izime yokha, muipukuse kawiri kapena katatu, n'kuzimitsa kiyi. Tsegulani chivindikiro cha thanki kuti mpweya utuluke. Kenako masulani waya wa negetivu pa batire n'kumuika pambali pamene sangabwerere yekha.

Ngakhale mwatero, kulungani kansalu pamfundo imene mukumasula, chifukwa petulo wotsalira amatuluka ndithu. Ikani beseni lachitsulo kunsi. Ngati paipiyo ili m'munsi kuposa mafuta a m'thanki, idzapitiriza kukha yokha mpaka thanki ithe, choncho gwirani ntchitoyi mafuta ali ochepa, ndipo konzeranitu bawuti yoyera yotsekera kukamwa kwa paipi. Kuyamwa petulo ndi pakamwa, kumene tinaphunzira m'masiku a mizere ya mafuta, kusiyeni. Akalowa m'mapapo amavulaza koopsa.

Kugula paipi yoyenera

Ntchito yonseyi imapindula kapena kuonongeka pa kauntala ya sitolo. Dulani kachidutswa ka paipi yakale mupite nako. Kukula kumayezedwa m'kati, ndipo galimoto zathu zambiri zimagwiritsa 6 mm, 8 mm kapena 10 mm. Yaikulu pang'ono simungaikonze pomangitsa kilampu, idzakwinyika n'kumachucha.

Paipi yeniyeni ya mafuta imakhala ndi zilembo m'mbali mwake. SAE J30 R6 kapena R7 ndi ya pulesha yochepa, yoyenera kabureta ndi mapaipi opumira. R9 ndi ya mainjekita, ndipo m'kati mwake muli labala wopirira ethanol. R10 ndi yokhala m'kati mwa thanki, yomira m'mafuta. Ine ndimati gulani R9 ngakhale galimoto yanu ndi ya kabureta. Ndi yodulirapo, koma ndi bulendi wathuyu R6 yotchipa imatha msanga, ndipo mudzalowanso kunsi kwa galimoto nthawi isanakwane. R9 yomweyo musaiike m'kati mwa thanki, chifukwa kunja kwake sikunapangidwire kumira.

Mukapita m'masitolo a mu Kaguvi Street, ku Gazaland ku Highfield, kapena ku Siyaso ku Mbare, musangoti mukufuna paipi ya petulo. Wogulitsa akakutambasulirani mpukutu, nenani mwaulemu kuti, "Achimwene, tatembenuzani ndione zolembazo." Akati, "Madala, imeneyi ndi yomweyo, aliyense akutenga imeneyi," koma palibe cholembedwa chilichonse, thokozani mupite sitolo ina. Zilembo nazonso zikhoza kukhala zabodza, n'zoona, koma paipi yopanda chilembo ndiye simudziwa n'komwe kuti ndi ya chiyani. Yang'anani podulidwa: ya pulesha imaonetsa ulusi wolukidwa pakati pa labala wam'kati ndi wakunja.

Zosayenera kuikidwa ndi izi: paipi yoonekera m'kati ija ya pulasitiki, imene imauma ngati fupa pakapita miyezi, paipi ya madzi a hita, kapaipi ka vakyumu, ndi paipi ya m'dimba. Yochotsa pa galimoto yophwasulidwa nayonso ndi yokalamba ngati yanu yomweyo.

Gulaninso makilampu atsopano. Wamba aja okhala ndi timipata m'lamba wake amaluma labala n'kumudula, ndiponso pa paipi yaing'ono samanga mozungulira bwino. Pa mainjekita funani a lamba wosalala, omanga ndi kabawuti ndi nati. A sipuling'i amene anabwera ndi galimoto ndi abwino ngati sanachite dzimbiri kapena kutambasuka, chifukwa amatsatira labala akamafota. Waya wa kopa ndi malegeni a chubu si makilampu. Chubu chimasungunuka ndi petulo.

Kuchotsa yakale ndi kuika yatsopano

Jambulani ndi foni musanachotse, makamaka pamene mapaipi awiri kapena atatu ayendera limodzi. Kulakwitsa n'kusinthanitsa yopita ndi yobwerera ndi kosavuta.

Sunthani kilampu, mugwire paipi ndi pulayala, muipotoze pang'ono kuti imatuke, kenako muikoke. Ikakana, ing'ambeni m'litali ndi mpeni wakuthwa, koma mopepuka, kuti musakande kamlomo kachitsulo kali m'katimo. Mzere umodzi wokandika umakhala njira ya petulo mpaka kalekale. Ngati kamlomoko ndi kapulasitiki, monga pa pampu kapena pa fyuluta zina, musapotoze mwamphamvu. Pulasitiki wokalamba amathyoka, ndipo ntchito ya paipi imasanduka yogula pampu.

Pukutani kamlomo. Ngati kali ndi dzimbiri, kapaleni ndi sandipepa wosalala n'kupukutanso. Dulani paipi yatsopano mowongoka, yotalikirapo pang'ono kuposa mtunda wake, chifukwa injini imagwedezeka pamene thupi la galimoto lili chiimire, ndipo paipi yokokeka imang'ambika pakamwa. Isatalikenso mpaka kupindika n'kutsekeka. Lowetsani makilampu kaye, pakani kadontho ka oyilo woyera pa kamlomo, ndipo kankhani paipi mpaka ipitirire kamphuno kotupa kaja. Kilampu ikhale kuseri kwa kamphunoko, osati pamwamba pake, ndipo musiye mamilimita atatu kapena asanu a paipi kunja kwa kilampu. Mangani mpaka paipi isamatembenuke ndi dzanja. Labala akayamba kutumphukira m'mbali mwa kilampu, mwapyola.

Bwezerani paipi m'timagwiriro take tonse. Isakhudze ekizozi, lamba wa fani kapena m'mphepete mwakuthwa. Pakati pa iyo ndi ekizozi pakhale mpata wokwana chikhatho. Ndipo paipi imodzi ikafa ndi ukalamba, zinzake zinabadwa tsiku lomwelo. Sinthani zonse za labala mukadali akuda m'manja, pamodzi ndi fyuluta, mukuonetsetsa kuti kamuvi ka pa fyulutayo kaloza ku injini.

Mfundo zimene sizifuna kilampu

Galimoto zambiri za m'ma 1990 kumapeto ndi za m'ma 2000 zili ndi mapaipi olimba a nayiloni okhala ndi zolumikizira zapulasitiki zongokankha n'kumva kuti thwa. M'kati mwake muli ma O-ring, kawirikawiri awiri, ndipo ndi amene amatseka mafuta. Kapulasitiki kakunja ntchito yake ndi kugwira basi. Tsukani mchenga wonse kaye. Kenako kankhirani cholumikiziracho m'kati, mufinye timakutu take, ndiyeno mukoke. Anthu amathyola chifukwa chokoka asanakankhe. Zina zimafuna kachipangizo kolowetsa m'kati kuti mano atseguke, sikuludiraiva imangophwanya. Ngati pakudontha, yang'anani kamlomo ngati kakandika kapena kachita dzimbiri, ndipo cholumikizira chong'aluka chisintheni chonse. Pobwezera, mverani kulira kwake kenako mukoke mwamphamvu kuti mutsimikize. Nayiloni ikapindika mpaka kuyera pamalo opindikawo yatha ntchito. Pofewetsa yatsopano gwiritsani madzi otentha, osati moto.

Za ma O-ring ndinenepo pang'ono. A m'sitolo ya mipope ya madzi amafanana kukula, koma labala wake amafufuma akakumana ndi petulo. Funani a labala wopirira petulo wotchedwa Viton, kapena ogulitsidwa kuti ndi a mainjekita a galimoto yanuyo. Poika injekita, pakani O-ring oyilo pang'ono n'kulowetsa mopotoza. Youma imatsinika n'kung'ambika, ndipo mumazindikira pamene petulo wadzadza pamwamba pa injini.

Pa fyuluta yachitsulo ya Corolla ndi zinzake pali bawuti yobooka pakati, imene amakaniko amaitcha banjo. Imatseka ndi mawasha awiri ofewa, a kopa kapena aluminiyamu, wina pamwamba wina pansi pa mphete. Mawashawa amaphwatalala kamodzi kokha. Mukabwezera akale n'kuona kuti pakuchucha, mtima umati onjezera mphamvu, ndipo bawuti yobookayo imaduka. Ikani atsopano, gwirani fyuluta ndi sipanala yachiwiri kuti isapotoke, ndipo ngati muli ndi sipanala yoyeza mphamvu tsatani buku la galimotoyo.

Kunsi kwa fyuluta yomweyo nthawi zambiri kumakhala nati yomanga paipi yachitsulo yotambasuka kukamwa. Imeneyi imafuna sipanala yake yogwira pafupifupi mbali zonse, yokhala ndi kampata kolowetsera paipi. Sipanala wamba imadya makona. Thirani mafuta omasulira dzimbiri, mudikire, ndipo pomanga yambani ndi zala kuti mano asapingasane. Tepi woyera wa mapulambala alibe ntchito apa, chifukwa chotseka ndi kukamwa kwa paipi, osati mano a nati. Tizidutswa take timangokatseka mainjekita. Silikoni nayenso amasungunuka.

Paipi yachitsulo ndi thanki

Harare ili kutali ndi nyanja, choncho galimoto zimene zakulira kuno, monga zija zinkamangidwa ku Willowvale, sizichita dzimbiri kwambiri kunsi. Zobwera kuchokera ku UK kapena kumadera a chipale a ku Japan ndi nkhani ina, chifukwa kumeneko zimakumana ndi mchere wa m'misewu. Dzimbiri limabisala kunsi kwa timagwiriro ndi pamwamba pa thanki pamene matope amakhala. Yang'ananinso pamene mwala kapena hampu inaphwanya paipi.

Kukonza kwenikweni ndi kusintha paipi yonse, yachitsulo kapena ya kopa wosakaniza ndi nikelo. Kopa weniweni amauma ndi kugwedezeka mpaka kuthyoka. Ngati mukungofuna kukafika kwa makaniko, dulani gawo lodyekalo ndi kachipangizo kodulira mapaipi, osati gilainda, mpaka mufike pachitsulo chabwino mbali zonse. Tambasulani kukamwa pang'ono kuti pakhale kamphuno, lowetsani R9 mozama, ndipo muike makilampu awiri mbali iliyonse. Pa galimoto ya mainjekita, paipi yolowetsedwa pachitsulo chosalala imatha kuvuka ndi pulesha muli pa liwiro. Samalani kuti musadule paipi ya mabuleki, chifukwa zimayendera limodzi ndipo zimafanana. Itsateni mpaka ku thanki musanadule.

Sopo wopaka pa thanki yobooka, amene madalaivala akale amamutama, akhoza kukufikitsani kunyumba ngati kabowo n'kochepa, koma mvula yoyamba imamutsuka, ndipo pa paipi ya pulesha sagwira n'komwe. Thanki musaiwotcherere pakhomo. Yopanda mafuta ndi imene imaphulika, chifukwa yadzadza nthunzi. Chigubu chomangirira mu boneti kapena pampando, chodyetsa kabureta mwachindunji, musachiyese n'komwe.

Pamene mapaipi ali bwino koma fungo lilipo

Pa ya mainjekita, zulani kapaipi ka vakyumu pa regyuleta ya pulesha, imene imakhala kumapeto kwa chitsulo chodyetsa mainjekita pa galimoto zokhala ndi paipi yobweza. M'kapaipiko mukakhala petulo, regyuleta yabooka m'kati. Pa ya kabureta, pampu ya pa injini ikang'ambika chikopa chake imadontha pa kabowo ka kunsi kwake, kapena imathira petulo mu oyilo. Solani dipisitiki: oyilo akakwera yekha n'kumanunkha petulo, sinthani pampu ndi oyilo yemwe. Kabureta yosefukira, chifukwa cha fuloti kapena kasingano kake, imanyowa m'mbali ndipo injini imatulutsa utsi wakuda.

Palinso kachitini ka makala mu boneti kapena pafupi ndi thanki, kamene kamasunga nthunzi. Timapaipi take tikang'ambika, kapena wina anatizula n'kusiya pululu, fungo limamveka popanda dontho. Kukakamiza wothira mafuta kuti apitirize pampu itadula kale kumamiza kachitinika m'petulo. Galimoto ikamavuta kulira m'mawa, koma kunja kwa mapaipi kuli kouma, mwina kapaipi ka m'kati mwa thanki kang'ambika ndipo pulesha ikuthawira momwemo.

Pa dizilo wakale, timapaipi tobweza mafuta pakati pa mainjekita ndi timene timayamba kuchucha. Ndiponso mfundo yomasuka pakati pa thanki ndi pampu imayamwa mpweya m'malo modontha, ndiye galimoto imavuta kulira kapena imazima panjira. Mukasintha paipi, popani ndi kapampu ka pa fyuluta mpaka kalimbe.

Kuyesa

Pukutani paliponse, chotsani nsalu zonyowa ndi beseni, mudikire fungo lichepe. Bwezerani fyuzi kapena pulagi, kenako waya wa batire. Wazaninso choko pa mfundo zatsopano. Tembenuzani kiyi pa ON kangapo osaliza, muyang'ane. Pakakhala pouma, lizani injini, boneti ili chotsegula, chozimitsira moto chili m'manja mwa mnzanu. Isiyeni itenthe, muyang'anenso, muyende mtunda waufupi m'dera lanu lomwelo, n'kuyang'ananso kachitatu. Ngati vuto linali pamwamba pa thanki, simungadziwe kuti latha mpaka mutadzadza.

Moto ukabuka mu boneti yotseka, zimitsani kiyi, tulutsani anthu, ndipo musaitsegule yonse chifukwa mpweya umaukolezera. Ikwezeni pang'ono n'kupopera ufa kudzera pampatapo. Ukakula, thawani.

Zovala zonyowa ndi petulo zivuleni msanga, musambe ndi sopo, ndipo nsalu muziyanike panja kutali ndi khitchini. Petulo wa m'beseni musamuthire m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime, popeza ambiri kuno timamwa madzi a pansi. Musefeni ndi nsalu yoyera abwerere m'thanki ngati ndi woyera. Pakatha sabata, injini itazizira, gwiraninso makilampu onse omanga ndi bawuti, chifukwa labala watsopano amakhazikika ndipo amafuna kuonjezera pang'ono. Kuyambira pamenepo, nthawi iliyonse imene mukusintha oyilo, pindani mapaipiwo ndi zala muone ngati ayamba ming'alu.